Kodi Ulimi Unasintha Bwanji Matupi a Alimi Oyamba a ku Ulaya? Mafunso ndi Mayankho

Kwa zaka zambiri, akatswiri ofukula zinthu zakale ankadalira mapale, nkhwangwa zamiyala ndi njere zopserera za tirigu pofuna kudziwa za anthu amene anayamba kulima ku Ulaya. Zinthu zoterezi zimasonyeza chimene anthu ankadya ndi kumene ankagona, koma sizinena kuti anthuwo anali ana a yani. Kuyambira cha m'ma 2010, mafupa a eni akewo ndiwo akuyankha funsoli, popeza asayansi tsopano amatha kuwerenga DNA ya munthu amene anamwalira zaka 8,000 zapitazo. Zimene zapezeka zikukhudza nkhani ziwiri: kumene alimiwo anachokera, ndi mmene moyo wa kumunda ndi kukhola unasinthira matupi a zidzukulu zawo.

Kodi DNA ya munthu wakale chotere imapezeka bwanji?

Munthu akamwalira, DNA yake imayamba kuduka tizidutswatizidutswa, ndipo kutentha ndi chinyontho zimafulumizitsa kuwonongekako. N'chifukwa chake mafupa a m'mapanga ozizira amasunga bwino kuposa a m'dothi lotentha. M'zaka za 2014 ndi 2015, Ron Pinhasi ndi anzake anasonyeza kuti fupa lina lolimba kwambiri la m'chigaza, limene limazungulira mkati mwa khutu, limasunga DNA yochuluka, nthawi zina kuwirikiza ka 100 poyerekeza ndi mafupa ena. Dzina lake ndi petrous.

Ntchito yake ndi yosamala. Wofufuza amavala zophimba thupi lonse mpaka kumaso, n'kulowa m'chipinda chotsekedwa bwino kuti thukuta kapena mpweya wake usaipitse fupalo. Amapala ufa pang'ono chabe, amausungunula m'mankhwala, kenaka makina amawerenga tizidutswa mamiliyoni ambiri timene kompyuta imatilumikiza. Zaka za fupalo zimayezedwa padera pogwiritsa ntchito carbon. Svante Pääbo wa ku Sweden, amene anatsegula njira ya kafukufuku wotere, analandira mphoto ya Nobel mu 2022.

Ulimi umenewu unayambira kuti, ndipo anauyamba anali anthu a mtundu umodzi?

Unayambira kumadzulo kwa Asia zaka 10,000 mpaka 11,500 zapitazo, m'dera limene lero kuli Turkey, Syria, Iraq, Iran, Jordan, Lebanon, Israel ndi Palestine. Kumeneko anthu anayamba kubzala tirigu, balere, mphodza ndi nsawawa, n'kuweta mbuzi, nkhosa, ng'ombe ndi nkhumba.

Koma sanali mtundu umodzi. Mu 2016, Iosif Lazaridis ndi David Reich a ku yunivesite ya Harvard, pamodzi ndi anzawo, anayerekeza DNA ya alimi oyamba a m'madera osiyanasiyana. Anapeza kuti oweta mbuzi a ku Ganj Dareh, m'mapiri a Zagros ku Iran, ankasiyana ndi alimi a kumadzulo kwa derali monga mmene anthu a ku Ulaya amasiyanirana ndi a kum'mawa kwa Asia masiku ano. Gulu lililonse linali mbadwa za alenje a kwawo komweko. Izi zikusonyeza kuti poyambirira mbewu, ziweto ndi luso ndizo zinkayenda kuchoka mudzi wina kupita wina, anthu ali m'malo mwawo.

Nanga ku Ulaya, kunapita nzeru yokha kapena anthu?

Uwu unali mkangano wa nthawi yaitali. Mu 1971, Albert Ammerman ndi Luca Cavalli-Sforza anayeza zaka za midzi yakale ya alimi n'kuona kuti ulimi unkasendera ku Ulaya pafupifupi kilomita imodzi pachaka. Iwo anati liwiro lotere likufanana ndi la mabanja amene akuchulukana, ana n'kumakatsegula minda patsogolo pang'ono pa ya makolo awo. Akatswiri ena anakana, nati alenje a ku Ulaya anangoonera kwa anansi awo n'kuyamba kulima okha.

DNA yagamula mlanduwu: kunapita anthu. Mafupa a alimi a ku Barcın, kumpoto chakumadzulo kwa Turkey, akufanana kwambiri ndi a alimi oyamba a ku Greece, Hungary, Germany ndi Spain. Anthuwa anawoloka kupita ku Greece zaka zoposa 8,500 zapitazo, kenaka anagawikana pawiri. Ena anatsata mtsinje wa Danube ndipo pofika zaka 7,500 zapitazo anali pakati pa Ulaya, akumanga nyumba zazitali zamitengo, zina zoposa mamita 30, ndi kuumba miphika yokongoletsedwa ndi mizere. Ena anadzera m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean pa mabwato, atanyamula mbewu ndi ziweto, mpaka kukafika ku Italy, France ndi Spain. Ku Britain ulimi unafika mochedwa, zaka 6,000 zapitazo, ndipo kafukufuku wa Selina Brace ndi anzake wa mu 2019 anasonyeza kuti nakonso unabwera ndi alendo, ambiri a iwo achibale a alimi a ku Spain ndi Portugal.

Atafika anapezako ndani, ndipo anakhala nawo bwanji?

Anapeza alenje amene ankadalira kusaka, kupha nsomba ndi kutola zakutchire. Maonekedwe awo anadabwitsa anthu ambiri. Mwamuna wina wa zaka 7,000 zapitazo, amene mafupa ake anapezeka mu 2006 m'phanga la La Braña ku Spain, anali ndi majini a maso obiriwira ngati mtambo koma khungu loderapo. Zomwezo zinaoneka pa mwamuna wina wa ku England wotchedwa Cheddar Man, amene anakhala ndi moyo zaka 10,000 zapitazo. Alimi obwerawo anali ndi maso oderako ndi khungu loyererapo kuposa la eni dziko.

Poyamba magulu awiriwa sankakwatirana kawirikawiri. Alimi oyamba a ku Germany anali ndi gawo lochepa kwambiri la magazi a alenje. Phanga la Blätterhöhle, kufupi ndi mzinda wa Hagen, likusonyeza kuti zaka 2,000 ulimi utafika kale, kunali anthu amene ankadyabe nsomba ndi nyama zakutchire, pamene anzawo ankadya za kumunda ndi kukhola, komabe onsewo ankaika maliro awo m'phanga limodzi. Ku Lepenski Vir, m'mphepete mwa Danube ku Serbia, ana a alimi anaikidwa m'mudzi wa asodzi, ndipo ena anali ndi makolo a mbali zonse ziwiri.

Pang'ono ndi pang'ono maukwati anachuluka. Patapita zaka 1,000 mpaka 2,000, alimi ambiri a ku Ulaya anali ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse a magazi ochokera kwa alenje.

Nkhondo inaliko, koma umboni woonekeratu ndi wa alimi okhaokha kuphana. Ku Talheim, ku Germany, mu 1983 anafukula dzenje limodzi momwe munali anthu 34, amuna, akazi ndi ana, amene anaphedwa zaka 7,000 zapitazo. Mabala a m'zigaza zawo ndi a nsompho zamiyala zimene alimi ankagwiritsa ntchito.

Kodi kusankha kwa chilengedwe n'chiyani, ndipo kumaoneka bwanji m'mafupa?

Anthu onse ali ndi majini a ntchito zofanana, koma jini imodzi imatha kukhala ya mitundu ingapo yosiyana pang'ono. Ngati mtundu wina ukuthandiza mwini wake kupulumuka pa matenda kapena njala mpaka kubereka ana amene nawonso akula, mtunduwo umachuluka m'badwo ndi m'badwo. Zili ngati kupeta kumene lichero lake ndi njala, matenda ndi nyengo: palibe wokonza dala, koma zotsala m'lichero ndizo zimapitirira. Ganizoli analifotokoza Charles Darwin mu 1859.

Vuto la ofufuza ndi lakuti jini ikhoza kuchuluka pa chifukwa chinanso, monga kubwera kwa alendo ambiri amene ali nayo. Choncho amayamba awerengera kuti mtundu wa anthu unalandira gawo lotani kuchokera ku gulu lililonse la makolo, kenaka n'kufufuza majini amene anachuluka kuposa mmene kusakanikiranako kukanachititsira. Mu 2015, Iain Mathieson ndi anzake anachita zimenezi ndi DNA ya anthu akale 230 ndipo anapeza malo 12 oonekera bwino. Ambiri mwa malowo amakhudza zinthu zitatu: chakudya, khungu ndi chitetezo cha mthupi.

Pa chakudya, jini ya FADS1 imathandiza thupi kupanga mafuta ofunika ku ubongo kuchokera ku mafuta a zomera, ndipo mtundu wake wamphamvu unachuluka anthu atachepetsa kudalira nyama ndi nsomba. Majini a AMY1 amapanga madzi a m'malovu ogaya chakudya chokhutitsa monga tirigu. Kafukufuku wa mu 2024 anasonyeza kuti chiwerengero cha majiniwa mwa munthu mmodzi chakwera ku Ulaya m'zaka 4,000 zapitazi.

Kodi n'zoona kuti alimi oyambawo sankatha kugaya mkaka?

N'zoona, ndipo apa ndi pamene kusankha kwa chilengedwe kunagwira ntchito mwamphamvu kuposa pena paliponse ku Ulaya. Khanda lililonse limapanga lactase m'matumbo, amene amagaya shuga wa mumkaka wotchedwa lactose. Mwa anthu ambiri padziko lapansi, thupi limachepetsa lactase mwana akaleka kuyamwa. Wamkulu wotere akamwa mkaka wambiri wosasasa, m'mimba mumadzaza mpweya, mumapota, mwinanso amatsekula. Munthu mmodzi yekha mwa atatu alionse padziko ndiye amapitiriza kupanga lactase atakula, koma m'maiko monga Denmark, Sweden ndi Ireland ndi oposa 80 pa 100 alionse.

Ambiri ankaganiza kuti luso limeneli linabwera ndi ng'ombe zoyamba. Mafupa akutsutsa. Mapale a kumpoto chakumadzulo kwa Turkey ali ndi zotsalira za mafuta a mkaka za zaka zoposa 8,000 zapitazo. Ku Kuyavia, m'dziko la Poland, kunapezeka miphika yobooledwa timabowo tambirimbiri ya zaka zoposa 7,000, imene ankasefera mkaka woundana popanga tchizi. Kusasitsa mkaka kukhala chambiko kapena tchizi kumachepetsa shuga uja, ndipo m'mimba simuvuta kwenikweni. Komatu anthu amene ankachita zonsezi analibe jini yogayira mkaka. Ngakhale zaka 3,200 zapitazo inali isanafale: mwa ankhondo 14 amene anafera pa nkhondo ya m'chigwa cha Tollense kumpoto kwa Germany, awiri okha ndiwo anali nayo.

Ndiye chinaichulukitsa n'chiyani? Mu 2022, Richard Evershed wa ku yunivesite ya Bristol, Mark Thomas wa ku University College London ndi anzawo anasanthula zotsalira za mafuta pafupifupi 7,000 za m'mapale ochokera m'malo oposa 550. Anapeza kuti kuchuluka kwa mkaka umene anthu ankamwa m'dera sikukugwirizana ndi kufala kwa jiniyo. Chimene chikugwirizana nako bwino ndi nyengo za njala ndi kuthithikana kwa anthu kumene kumafalitsa matenda. Kufotokoza kwawo n'kwakuti munthu wathanzi wopanda jiniyo akamwa mkaka amangovutika m'mimba tsiku limodzi basi. Koma mbewu zikakanika, tchizi n'kutha, anthu amamwa mkaka wongokama kumene, ndipo kwa munthu wofooka kale ndi njala kapena wodwala, kutsekula m'mimba kumapha. Amene anali ndi jiniyo ankatuluka amoyo m'zaka zoterozo mochulukirapo.

Choncho mwambo wa kukama ng'ombe unatsogola, thupi n'kutsatira patapita zaka zikwi zingapo.

Nanga khungu loyera linabwera liti?

Linabwera pang'onopang'ono, kudzera m'majini ambiri osati imodzi. Mtundu wa jini ya SLC24A5 umene umayeretsa khungu unali mwa alimi pafupifupi onse a ku Turkey, koma unali wosowa mwa alenje a kumadzulo kwa Ulaya. Jini ina, SLC45A2, inadzachuluka pambuyo pake, m'zaka 5,000 zapitazi. Maso obiriwira aja ndiwo anali ofala kale mwa alenje.

Akatswiri ambiri amagwirizanitsa kusinthaku ndi vitamini D, amene thupi limapanga khungu likawombedwa ndi dzuwa. Kumpoto kwa Ulaya dzuwa limafooka miyezi yambiri pachaka. Mlenje wodya nsomba ndi chiwindi cha nyama ankapeza vitaminiyu m'chakudya, koma mlimi wodalira phala ndi buledi wa tirigu ankamusowa, ndipo khungu loyera limamupanga mosavuta pa dzuwa lochepa. Kusowa kwa vitamini D kumafewetsa mafupa a ana.

Kodi alenje aja anasiyira alimi chilichonse chothandiza?

Anawasiyira, makamaka pa chitetezo cha mthupi. Mu 2023, Tom Davy ndi Pontus Skoglund a ku Francis Crick Institute ku London, pamodzi ndi Mathieson, anasanthula DNA ya anthu 677 akale a ku Ulaya. Anafufuza alimi amene anali kale osakanikirana, n'kufunsa kuti ndi mbali ziti za DNA yawo zimene zinasunga za alenje mopyola muyeso, ndi ziti zimene zinasunga za alimi.

Pa jini ya khungu ya SLC24A5, za alimi ndizo zinapambana. Koma pa majini a HLA, amene amathandiza thupi kuzindikira tizilombo toyambitsa matenda, za alenje zinatsala zambiri kuposa mmene zinkayembekezekera. Zimenezi zinadabwitsa chifukwa ambiri ankaganiza kuti alimi, pokhala anazolowera kukhala ndi ziweto, ndiwo anali ndi chitetezo choposa. Ofufuzawo anapereka zifukwa ziwiri zotheka. Mwina alenje anali atazolowera kale matenda a ku Ulaya amene alendowo anali asanakumane nawo. Mwinanso kungokhala ndi mitundu yambiri yosiyana ya HLA kunali phindu palokha, popeza thupi limazindikira adani ambiri.

Matendawo analipodi. Ku Atlit Yam, mudzi wa zaka 9,000 umene tsopano uli pansi pa nyanja kufupi ndi mzinda wa Haifa ku Israel, mafupa a mayi ndi khanda ali ndi zizindikiro za chifuwa chachikulu. Ku Çatalhöyük, ku Turkey, nyumba zinali zogundana kwambiri moti anthu ankalowera padenga pa makwerero, nkhosa ndi mbuzi zili pafupi. Ndipo mu 2024, kafukufuku wa Frederik Seersholm ndi anzake pa anthu 108 a ku Scandinavia a zaka 5,000 zapitazo anapeza kachilombo ka Yersinia pestis, koyambitsa mliri wa makoswe, mwa anthu 17 pa 100 alionse.

Ngati ulimi unabweretsa mavuto otere, unafala chifukwa chiyani?

Chifukwa unkachulukitsa anthu, ngakhale sunkawapatsa thanzi loposa. Mafupa a alimi oyamba amasonyeza mano obooka ndi zizindikiro za kuperewera kwa magazi. Mu 2022, Stephanie Marciniak ndi anzake anayerekeza kutalika kwa mafupa a anthu akale 167 ndi msinkhu umene majini awo akanawafikitsa, ndipo anapeza kuti alimi oyamba ankapereweza ndi masentimita pafupifupi 4 poyerekeza ndi anthu amene analiko ulimi usanayambe. Koma munda umadyetsa anthu ambiri pa malo ochepa, ndipo mayi wokhazikika pamudzi, amene ali ndi phala lopatsa mwana, amaletsa kuyamwa msanga n'kubereka pafupipafupi. Alimi anaposa alenje chiwerengero, ndipo zimenezo zinakwanira.

Kodi anthu a ku Ulaya a lero ndi zidzukulu za alimi amenewa?

Mbali ina yokha. Zaka 5,000 zapitazo kunabwera gulu lachitatu, abusa a ziweto ochokera ku zidikha za kumpoto kwa nyanja za Black Sea ndi Caspian, amene akatswiri amawatcha Yamnaya. Mu 2015, Wolfgang Haak ndi anzake anapeza kuti anthu amene anaikidwa m'manda ku Germany zaka 4,500 zapitazo, a chikhalidwe cha Corded Ware, anatenga magawo pafupifupi 75 pa 100 a magazi awo kwa anthu a ku zidikhazo. Ku Britain kusintha kunali kwakukulu koposa. Amene anamanga chipilala chamiyala cha Stonehenge anali zidzukulu za alimi oyamba aja, koma m'zaka mazana ochepa chabe magawo 90 pa 100 a magazi a pachilumbacho analowedwa m'malo ndi a alendo atsopano.

Lero pafupifupi mzungu aliyense ali ndi magazi a magulu atatuwa, kungoti muyeso umasiyana. A alenje ndi ochuluka m'maiko a Estonia, Latvia ndi Lithuania, a abusa ndi ochuluka kumpoto, ndipo a alimi ndi ochuluka kumwera, makamaka pachilumba cha Sardinia. Ötzi, mwamuna wa zaka 5,300 zapitazo amene mtembo wake unapezeka m'madzi oundana m'mapiri a Alps mu 1991, anadabwitsa ofufuza mu 2012 pamene DNA yake inafanana kwambiri ndi ya anthu a ku Sardinia kuposa ya okhala m'mapiriwo lero. Sikuti anachokera kumeneko ayi. Chilumbacho, pokhala patali, chinasunga magazi a alimi oyamba amene kwina konse anasakanikirana. Kafukufuku wa mu 2023 anapeza kuti magawo oposa 90 pa 100 a magazi a Ötzi anali a alimi ochokera ku Turkey, kuti khungu lake linali loderapo ndiponso kuti anali ndi majini a dazi. Mkaka wosasasa sankaugaya.

Kodi zoterezi zinachitikanso mu Africa?

Zinachitika, m'njira yakeyake. Mu 2007, Sarah Tishkoff ndi anzake anapeza kuti abusa a ng'ombe a ku Kenya, Tanzania ndi Sudan amagaya mkaka atakula chifukwa cha masinthidwe ena a DNA osiyana ndi a ku Ulaya. Ofala kwambiri ku Kenya ndi Tanzania anachuluka m'zaka 7,000 zapitazi. Anthu a m'makontinenti awiri anafika pa luso limodzi popanda kupatsirana.

Chitsanzo china ndi sickle cell. Mu 1954, Anthony Allison anasonyeza kum'mawa kwa Africa kuti wotengera jiniyi kwa kholo limodzi amatetezeka ku malungo oopsa, ngakhale wotengera kwa makolo onse awiri amadwala. Mu 1958, Frank Livingstone anagwirizanitsa kufala kwake ndi ulimi: kugwetsa nkhalango kunapanga zithaphwi zoswanirana udzudzu pafupi ndi midzi.

Pa nkhani ya alimi ndi alenje, Malawi ali ndi umboni wake. Alimi olankhula zinenero za Chibantu, amene makolo awo anachokera kumalire a Nigeria ndi Cameroon, anafika m'dera lino zaka zosapitirira 2,000 zapitazo ndi zipangizo zachitsulo, n'kupeza alenje amene mbiri yapakamwa imawakumbukira kuti Akafula kapena Abatwa. Mu 2017, Skoglund, Jessica Thompson ndi anzawo anawerenga DNA ya anthu akale a ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza, a zaka za pakati pa 2,500 ndi 8,000 zapitazo. Anapeza kuti anali anthu a mzere umodzi umene unakhala m'derali zaka zikwi zambiri, achibale a alenje a kumwera ndi a kum'mawa kwa Africa. Mosiyana ndi ku Ulaya, kumene magazi a alenje anatsala mwa alimi, Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni a lero amene anayezedwa pa kafukufukuyo sanaoneke ndi gawo looneka la magazi a anthu amenewo. Mu 2022, Thompson ndi anzake anawerenga DNA ya makanda awiri oikidwa ku Hora zaka 14,000 ndi 16,000 zapitazo, ndipo ili m'gulu la DNA ya anthu yakale kwambiri imene yapezeka kumwera kwa chipululu cha Sahara.